Waya Wosataya Magetsi

 Lero tikambirana za funso limene asayansi akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 100.

Magetsi amene amayendetsa chigayo pa Ndunde, m'boma la Chiradzulu, amachokera kutali. Ambiri mwa magetsi a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Koma si onse amene amafika. Magetsi ndi timaelekitironi toyenda m'waya, ndipo poyendapo timagundana ndi maatomu a wayayo, nkumautenthetsa. Kutenthako ndiwo magetsi otayika panjira.

M'chaka cha 1911, Heike Kamerlingh Onnes wa ku Netherlands anaziziritsa mekyule kufika madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo magetsi anadutsa popanda chowatchinga. Khalidwe limeneli amalitcha superconductivity. Mu 1957, Bardeen, Cooper ndi Schrieffer anafotokoza chifukwa chake: pozizira kwambiri, kunjenjemera kwa maatomu kumamanga timaelekitironi tiŵiritiŵiri, ndipo timayenda mogwirizana osaphunthwa. Vuto nlakuti kuzizira koteroko kumadya ndalama zambiri.

Tsono maso a ena ali pa kaboni, yemwe amapezeka m'makala ndiponso m'mwala wa girafaiti wa ku Malingunde. Mu 1991, Sumio Iijima wa ku Japan anaonetsa timachubu ta kaboni tobooka pakati ngati bango, koma tochepa kuposa tsitsi kambirimbiri. Mu 2001, asayansi a ku Hong Kong analengeza kuti timachubu tina tinaonetsa khalidwe lija pa madigiri pafupifupi 258 pansi pa ziro.

Nanga titatikuta ndi chinthu china, zingathandize? Akatswiri a masamu amaŵerengera papepala mmene chokutiracho chingasinthire kunjenjemera kwa maatomu, pakuti ndiko kumamanga timaelekitironi. Mu 2006, asayansi a ku France anakuta chingwe cha timachubu ndi pulasitiki, ndipo khalidwe lija linazilala pang'onopang'ono, chifukwa pulasitikiyo inatsendereza maatomu. Ichi chinaonetsa kuti chokutira chili ndi mphamvu, ngakhale kuti choyenera sichinadziŵike.

Choncho waya wosataya magetsi pa kutentha kwa masiku onse sunapezekebe. Ukadzapezeka, mphamvu ya Shire idzafika pa Ndunde yathunthu.