Msomali Umira, Sitima Iyandama

Msomali ukagwa m'nyanja, ngakhale mwana wa ku Malindi adziŵa kuti wapita. Komabe ku Monkey Bay kuli sitima ya Ilala, yachitsulo, yotalika mamita 52, imene inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949 n'kuyamba ulendo wake pa Nyanja ya Malaŵi mu 1951. Nanga chitsulo chambiri chotere chiyandama bwanji pamene kamsomali kamira?

Ambiri amati cholemera chimira ndipo chopepuka chiyandama. Mawu ameneŵa ndi osakwanira. Thunthu la mbaŵa lofuna amuna khumi kuti alinyamule liyandama, koma kachidutswa ka phingo kokwana m'dzanja kangoti tibu mpaka pansi. Zonsezi ndi mitengo. Chosiyanitsa ndicho kuthithikana, kumene aphunzitsi a sayansi amakutcha density.

Pofuna kupeza kuthithikana kwa chinthu, munthu ayenera kuyesa zinthu ziŵiri: kulemera kwake pa sikelo, ndi kukula kwa malo amene chatenga. Akatero agaŵe kulemerako ndi kukulako. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja ino ilemera kilogalamu imodzi. Kotero madzi ndiwo muyeso wa zonse. Lita ya palafini ilemera magalamu 800 okha, n'chifukwa chake palafini akatayikira padoko amakhala pamwamba. Phingo lotenga malo a lita imodzi lipitirira kilogalamu, pamene chitsulo cha kukula komweko chifika pafupifupi makilogalamu 8. Chopambana madzi chimira, chochepera chiyandama.

Apa ndipo pagona nzeru ya amisiri. Chitsulo cha makilogalamu 8 chija, chikakhala chibuluma, chimira nthaŵi yomweyo. Koma mmisiri atachisula kuti chikhale beseni lotenga malo a malita 20, kulemera sikusintha ngakhale pang'ono. Chasintha ndi kukula. Tsopano 8 agaŵidwa ndi 20, ndipo lita iliyonse ya beseni, pamodzi ndi mpweya wa m'kati mwake, ilemera magalamu 400 basi. Beseni liyandama, ndipo lingathe kusenza makilogalamu ena 12 madzi asanafike m'milomo. Ilala ndi beseni lotere, kungoti ndi lalikulu. Msodzi wosema bwato achita zomwezo ndi kasemasema wake: achotsa mtima wa mtengo kuti mukhale mpweya. Lamuloli linalongosoledwa ndi Archimedes wa ku Syracuse zaka zoposa 2,000 zapitazo, ngakhale kuti osema mabwato sanadikire buku lake.

Tsoka lake n'lakuti masamu ameneŵa sakondera. Malita 12 a madzi akaloŵa m'beseni lija, alimiza monga momwe katundu wa makilogalamu 12 angalimizire. Pa boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya koloko yoyang'ana mtsinje wa Shire, pali chikumbutso cha sitima ya Vipya. Pa 30 Julaye 1946 sitimayo inakumana ndi namondwe kumpoto kwa nyanja, kufupi ndi Florence Bay kumene lero kutchedwa Chitimba, ndipo inagadabuka. Madzi atatenga malo a mpweya, Vipya inasanduka chibuluma cha chitsulo ngati msomali uja. Chikumbutsocho ndi cha anthu 145 amene anatsikira kulichete tsiku limenelo.

Ophunzira amene aloŵeza lamuloli pofuna kupambana mayeso angachite bwino kuliona ndi maso padoko, pamene boti lamatabwa likupakira. Thumba lililonse la usipa, njinga iliyonse, munthu aliyense wokwera, awonjezera kulemera, koma kukula kwa boti kukhala komweko. Boti limanka litsika, ndipo mpata wotsala pakati pa madzi ndi milomo yake ndiwo makilogalamu 12 aja, amene mwini boti wadyera amawaona ngati malo otayika. Nyanja ikakhala bata, mpata wa chikhatho chimodzi ungathe kuwolotsa anthu bwinobwino. Koma m'miyezi ya Juni ndi Julaye, mwera ukautsa mafunde, funde limodzi lokha lithira m'boti malita ambirimbiri, lita iliyonse kilogalamu yake, ndipo mnyamata wokapa madzi ali ndi kachigubu kamodzi kodula pakamwa.