Kodi Nzeru Zokha N'zokwanira?

Kodi mudamvapo za sukulu ya Kamuzu Academy? Sukuluyi idatsegulidwa m'chaka cha 1981 ku Mtunthama, m'boma la Kasungu. Masiku amenewo ana okhoza bwino mayeso ankasankhidwa m'maboma onse kukaphunzira kumeneko mwaulere. Mwana wa mlimi ndi mwana wa kalaliki ankalemba mayeso amodzimodzi.

Koma taganizani za ana awiri a nzeru zofanana. Wina amadya phala m'mawa, ali ndi mabuku, ndipo usiku amawerenga pa nyale. Mnzakeyo amajomba kusukulu chifukwa cha ganyu. Madzulo amafika pakhomo atatopa, mafuta a nyale palibenso. Nanga adzasankhidwa ndani?

Mukuona tsono. Wochonga mayeso sayang'ana chuma cha makolo ai, koma chumacho chimayamba kuthandiza mwana tsiku la mayeso lisanafike.

Inu makolo, musataye mtima. Mwana asapite kusukulu ndi njala. Mpatseni ngakhale mbatata yootcha. Aziwerenga dzuwa lisanalowe. Mtsikana musamuchulutsire ntchito zapakhomo. Ndipo popeza tsopano mukudziwa kuwerenga, muziona makope ake tsiku ndi tsiku.