Ma hard drive awiri sakwanira kuteteza zithunzi za banja

Mabanja ena ku Toronto amasunga zithunzi za maukwati ndi makanema a kumudzi pa kakompyuta ka m'nyumba kotchedwa NAS. Kamafunika ma hard drive opirira ntchito usana ndi usiku, monga Seagate IronWolf.

Mukaika awiri, njira ya RAID 1 imalemba chilichonse pa onse awiri. Choncho awiri a 8TB amapereka malo a 8TB okha, koma imodzi ikafa, inayo imakhala ndi zonse.

Komabe chofufutidwa mwangozi chimafufutika ponseponse, ndipo RAID sitchinga madzi. Pa 8 July 2013 chimvula chinadzaza zipinda zapansi za nyumba zambiri mumzindawu. N'chifukwa chake ndi bwino kukoperanso zonse pa hard drive ina, n'kukaisungitsa kwa m'bale.