Ulendo wa ku Chikweo: msewu umene ukusunga mbiri yathu

Ambiri mwa ife tikamakonza ulendo wa gulu la achinyamata, kwaya kapena Amayi a Chikatolika, maganizo athu amathamangira ku nyanja ya Malawi basi. Komatu m'dera lathu lomwe lino muli msewu wina umene ungatiphunzitse zambiri pa tsiku limodzi lokha. Uwu ndi msewu wochokera ku Balaka kudzera ku Liwonde ndi ku Ntaja mpaka kukafika kwa Mfumu Yaikulu Chikweo, kufupi ndi nyanja ya Chiuta m'boma la Machinga.

Tiyambire ku Balaka. Achinyamata a masiku ano sadziwa kuti Balaka inali mbali ya boma la Machinga mpaka m'chaka cha 1998 pamene inakhala boma palokha. Tauniyi inakula chifukwa cha njanji, koma Mpingo nawo unaikapo dzanja: kuno ndi kwawo kwa Montfort Media ndiponso kwa Alleluya Band imene inayamba m'chaka cha 1978. M'boma lomweli muli mishoni ya Utale, imene ansembe a chipani cha Montfort anatsekula m'chaka cha 1908, patangopita zaka zisanu ndi ziwiri chifikireni iwo ku Nzama.

Pa Liwonde timaoloka mtsinje wa Shire pa Kamuzu Barrage. Zitseko za pamenepa ndizo zimawongolera madzi opita kumalo opangira magetsi kumunsi kwa mtsinjewu. Tikaoloka timapatukira kumanzere, msewu wa ku Ntaja. Kumanzere kwathu kumakhala nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973, ndipo kumanja kumaoneka mapiri a Chikala.

Apa mpofunika kuimitsa galimoto, pakuti mapiriwa ndiwo akufotokoza za anthu amene tikukawachezera. M'zaka za m'ma 1800 Ayao ochokera ku Mozambique anakhazikika m'dera lino. Iwo anali akatswiri a malonda a maulendo ataliatali opita kugombe la nyanja ya mchere, kumene ankagulitsa minyanga ya njovu, komanso, tisabise, akapolo. Pobwerera ankatenga nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo m'maulendo omwewo ndi mmene anakumanirana ndi chipembedzo cha Chisilamu. Mfumu Kawinga inamanga linga lake pa Chikala, ndipo inalimbana ndi boma la atsamunda kufikira pamene inagonja m'chaka cha 1895. Pambuyo pake kunabweranso Alomwe, othawa nkhanza za Apwitikizi.

Tikadziwa mbiri imeneyi sitidabwa kuona mizikiti yambiri m'mbali mwa msewu pa Nsanama, pa Ntaja ndi pa Nselema. Chisilamu chinafika kuno Mpingo wa Katolika usanazike mizu. Ngakhale ansembe oyamba a chipani cha White Fathers, amene anafika kwa Mponda ku Mangochi m'chaka cha 1889, anachokako mu 1891 osaona zipatso za ntchito yawo. Dayosizi ya Mangochi inadzakhazikitsidwa mochedwa, mu 1973, motsogozedwa ndi Ambuye Alessandro Assolari. Choncho Akhristu a m'mishoni monga Namandanje ndi Mpiri akhala zaka zonsezi pakati pa abale awo Achisilamu, akutunga madzi pa mjigo umodzi ndi kulirana maliro. Ife amene timachokera kumene Akatolika ndi ochuluka tili ndi zoti tiphunzire kwa iwo, ndipo sitingaziphunzire tikuyang'anira pa zenera la basi.

Kuti tikafike ku Chikweo timasiya msewu waukulu n'kulowera chakum'mawa. Chikweo penipeni ndi malo ang'ono a malonda, okhala ndi msika, sukulu ndi chipatala chaching'ono. Wofuna nyumba zosanja akhumudwa. Chokopa chenicheni chili patsogolo, kumene dziko limatsika n'kusanduka madambo a mpunga ndi mabango mpaka kukafika ku nyanja ya Chiuta.

Nyanjayi ndi yosaya, ndipo timagawana ndi dziko la Mozambique. Chodabwitsa chake ndi ichi: madzi ake sapita mu Shire ayi. Akachuluka amasefukira m'nyanja ya Amaramba ku Mozambique, kumene kumachokera mtsinje wa Lugenda. Lugendayo amakathira mu Ruvuma, ndipo Ruvuma amakathira m'nyanja ya mchere ya Indian. Kunena kwina, madziwa amalowera mbali yomweyo imene amalonda akale aja ankalowera. Kummwera, mtunda wamchenga ndiwo umalekanitsa Chiuta ndi nyanja ya Chilwa, ndipo pa mtunda umenewu mpamene padutsa njanji yopita ku Nayuchi ndi ku Nacala, yomwe inatsekulidwa mu 1970.

Asodzi amapha matemba, makumba ndi milamba pa mabwato awo, ndipo mbalame za m'madzi n'zosawerengeka. Koma tisaiwale kuti Chilwa, yoyandikana nayo, inauma m'zaka za 1968, 1995 ndi 2018. Nyanja zosaya zotere zimadalira mitsinje yochokera m'mapiri, ndipo matumba a makala amene tinawaona pa njinga m'njira muja ndi mitengo ya m'mapiri omwewo. Mitengo ikatha dothi limakokolokera m'nyanja, madzi n'kumaphwa msanga, msodzi wa ku Chikweo n'kusowa pogwira.

Gulu lofuna kupita lisankhe nyengo yachilimwe, pakati pa mwezi wa May ndi October, popeza m'dzinja njira zopita kugombe zimaterera kwambiri. Lidziwitse bambo mfumu a parishi ya kumeneko nthawi ilipo, likaonekere kwa mfumu ya mudzi lisanatsikire kunyanja, ndipo lisajambule munthu osapempha. Mpunga ndi nsomba zouma zobwerera nazo kunyumba tikagule kwa eni dera omwewo, pa mtengo woyenera.