Lero Yalira, Mawa Yakana: Pikapu ya Dizilo Ikayamba Kuvuta

M'midzi yozungulira Kachebere, pafupi ndi malire a Malawi ndi Zambia m'boma la Mchinji, pikapu imodzi imathandiza mabanja ambiri. Lero yanyamula matumba a mtedza ndi soya kupita ku msika, mawa yatenga agogo kukaonetsa maso ku chipatala cha Mwami, tsidya la malire. Usiku mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana, kapena mwana malungo akamukulira, pikapu yomweyo ndiyo ambulansi yothamangira ku chipatala cha boma cha Mchinji.

N'chifukwa chake galimoto yolira tsiku lina n'kukana tsiku lina si yoilekerera. Eni ake ambiri amangoiimika potsetsereka kuti m'mawa anyamata aikankhe. Koma pakati pa usiku, mvula ikugwa, okankhawo muwapeza kuti? Vuto lotere silitha lokha, ndipo mukatchera khutu potembenuza kiyi, galimotoyo imakuuzani pamene pali nthenda.

Ikangoti "thi" kapena kukhala chete

Apa vuto ndi la magetsi. Yatsani magetsi akutsogolo, wina atembenuze kiyi. Akazilala kwambiri, ndiye kuti batire yafooka kapena mateminolo ake sakugwira bwino. Akapitiriza kuwala koma injini osatembenuka, kaikirani sitata kapena mawaya opita kumeneko.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Misewu yafumbi ndi yamabampu imakhwefula mateminolo, ndipo ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamenepo umatchinga magetsi. Masulani teminolo ya chizindikiro cha (-) poyamba, tsukani onse ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, pukutani, ndipo pomanga mumalizire ya (-) yomweyo. Onaninso waya wokhuthala wochoka ku batire kupita ku thupi la galimoto ndi ku injini. Ukachita dzimbiri, galimoto imalira lero n'kukana mawa.

Makaniko ali ndi kachipangizo koyezera batire. Yodzaza bwino imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo injini ikamalira iyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ikalephera kufika pamenepo, alternator sikutchaja, ndipo ngakhale mutagula batire yatsopano idzathanso mphamvu.

Ikamatembenuka koma osagwira m'mawa

Injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto ngati ya petulo. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, ndipo dizilo akalowa amayaka yekha. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene ku Mchinji kumazizira m'mamawa, injini imadalira timapulagi totenthetsa timene amakaniko amati ma heater plug. Dikirani kuti kanyali kooneka ngati waya wopotana kazime musanalize. Ngati galimoto imavuta kukazizira kokha, n'kulira monjenjemera ndi utsi woyera, mwina pulagi imodzi kapena ziwiri zapsa.

Ngati imavuta nthawi iliyonse ikagona usiku, kaya kuzizire kaya kutenthe, kaikirani mpweya wolowa m'mapaipi a mafuta. Mapikapu ambiri, monga Toyota Hilux ndi Isuzu KB, ali ndi kapampu kodina ndi dzanja pamwamba pa sefa ya mafuta. Dinani mpaka kalimbe, kenako lizani. Ikalira nthawi yomweyo, pali paipi yong'aluka kapena mphira yotha imene ikulola dizilo kubwerera m'thanki.

Dizilo wa m'zigubu

Mafuta akasowa pa filing'i siteshoni, ambiri amagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Dizilo wotere angathe kukhala ndi madzi, zinyalala kapena palafini. Pansi pa sefa ya mafuta pali pokhetsera madzi: tsegulani pang'ono mpaka patuluke dizilo yekha. Sefa yotsekeka isintheni msanga, chifukwa ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi ma injector kapena pampu ya mafuta.

Lembani, musangoganizira

Tsiku limene mwapita kwa makaniko, kawirikawiri ndi tsiku limene galimoto imalira bwinobwino. Choncho sungani kabuku m'galimoto. Lembani tsiku limene yakana, ngati injini inali yozizira kapena yotentha, phokoso limene inachita, kuchuluka kwa mafuta m'thanki ndi kumene munawagula. Kabuku kameneka kadzakupulumutsani ku kugula zipangizo mongoyerekeza.

Samalani thupi lanu

Musakoke dizilo ndi pakamwa kudzera m'paipi. Akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo choopsa, ndipo amene wamumeza asakakamizidwe kusanza koma apite naye kuchipatala. Musayandikize moto kapena nyali ya palafini pa batire, chifukwa imatulutsa mpweya wophulika. Asidi wake akagwera m'maso, sambani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako thamangirani kuchipatala. Musalize injini m'garaja yotseka. Pa injini zamakono, monga D-4D, musamasule mapaipi a ma injector injini ikutembenuka: mafuta ake amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu. Musagwiritsenso sitata kupitirira masekondi 15 nthawi imodzi. Ipumitseni kaye kuti isapse. Ndipo ana asakhale m'gulu lokankha galimoto.

Sankhani tsiku limodzi pa sabata loti muone mateminolo, madzi a mu sefa ndi mapaipi a mafuta, ndipo musagone thanki ili pafupi kuuma. Ntchitoyi sitenga nthawi yaitali. Phindu lake mudzaliona usiku umene mnansi adzagogoda pakhomo panu ali ndi mwana wodwala kumsana, inu n'kutembenuza kiyi kamodzi kokha.