Mkaka wa makanda ku Britain: chitini chodula ndi chotchipa

Mayi wa kwathu amene waberekera kuno ku Britain akaima pa shelefu ya mkaka wa makanda, dzanja limathamangira chitini chodula. Tinakula tikudziwa kuti chotchipa chimakhala ndi chifukwa. Pa nsapato mwina n'zoona, koma pa mkaka wa khanda lamulo la kuno linatseka mpata umenewo.

Kampani siisankha yokha zoika m'chitini. Pali lamulo la European Union, nambala 2016/127, lomwe linayamba kugwira ntchito mu February 2020, ndipo Britain inalisunga ngakhale inatuluka m'bungwelo. Pafupifupi chakudya chilichonse chofunika m'thupi la khanda chili ndi poyambira ndi polekezera pake. Mkaka wosungunula kale wokwana mamililita 100 uzipereka makalori 60 mpaka 70. Pa makalori 100 alionse, mapuloteni ochokera ku mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi azikhala magalamu 1.8 mpaka 2.5, ayironi mamiligalamu 0.3 mpaka 1.3. Polekezerapo m'pofunika kwambiri, chifukwa impso za khanda zimakhala zisanakhwime, ndipo mapuloteni ndi mchere zikachuluka zimalemedwa. N'chifukwa chake mkaka wa ng'ombe wamba, kaya wamadzi kaya waufa uja timathira mu tiyi, sungalowe m'malo mwa bere mwana asanakwanitse chaka.

Mafuta a DHA, omwe kale makampani ankanyadira nawo ngati chuma chawochawo, tsopano aliyense akukakamizidwa kuikamo. Shuga wa nzimbe saloledwa mu mkaka wamba wa makanda, umene umadalira lactose, shuga wopezeka mu mkaka mwachilengedwe. Zotsalira za mankhwala a kumunda zisapitirire mamiligalamu 0.01 pa kilogalamu.

Ndiye Aptamil, SMA, Kendamil ndi Mamia wa ku Aldi onse amadutsa pa muyezo umodzi. Bungwe loona za mpikisano pa malonda, Competition and Markets Authority, linanena mu February 2025 kuti makolo angathe kupulumutsa mapaundi pafupifupi 300 m'chaka choyamba cha mwana atasankha mkaka wotsika mtengo, mwana osataya kanthu. Kwa munthu wogwira ntchito yosamalira okalamba, amene viza yake siimulola kulandira thandizo la boma ngati Healthy Start, ndalama imeneyo si yocheza.

Mkaka woyamba wa makanda, wolembedwa nambala 1, suloledwa kutsatsidwa kwa anthu, kutchipitsidwa mokopa ogula kapena kujambulidwa nkhope ya khanda pachitini, ndipo uyenera kulembedwa kuti kuyamwitsa kumaposa. Maziko ake ndi mfundo zomwe World Health Organization inakhazikitsa mu 1981. Koma makampani ndi ochenjera. Wa nambala 2, woyambira miyezi 6, amaloledwa kuutsatsa pa TV, ndipo chitini chake amachipanga chofanana ndi cha nambala 1, dzina limodzi, mtundu umodzi. Azaumoyo a NHS amanena poyera kuti nambala 1 ndi wokwanira chaka chonse. Wa nambala 3 ndi 4, wa ana oyenda kale, suli n'komwe pansi pa miyezo ija, ndipo ine ndimauona ngati njira yongopitirizira kugulitsa.

Abale kumudzi amakonda kupempha kuti tiwatumizire "mkaka wa kunja", poganiza kuti umanenepetsa mwana. Koma lamulo limalekezera pa chivundikiro cha chitini. Ufawo ukhoza kukhala ndi tizilombo ngakhale chitini chili chosatsegula, n'chifukwa chake kuno amalangiza kuusungunula ndi madzi owiritsa amene akadali otentha madigiri 70, kenaka n'kuuziziritsa. Kuchepetsa masupuni kuti chitini chifike kumapeto kwa mwezi kumamunyentcheretsa mwana, ngakhale chitinicho chitagulidwa ku London.