KUTIKITA MAPAZI, MANJA NDI MAKUTU: KODI KUMACHIZA?

Ndifuna kulongosola za luso lina limene Azungu amalitcha reflexology. Ambiri a ife tidaona pa lamya za m'manja, pa nthawi ya tchuthi, chithunzi cha phazi la munthu logawidwa m'zigawozigawo, ndipo pa chigawo chilichonse padalembedwa dzina la chiwalo: apa chiwindi, apa impso, apo mapapo. Eni chithunzicho amati munthu akakanikiza malo oyenera, chiwalocho chimachira. Tsono popeza ena ku hositelo ayamba kale kufinyana zala, nkwabwino kuti tidziwe kumene nzeruyi idachokera, ubwino wake, ndi pamene imalekezera.

Mwini wake woyamba adali William Fitzgerald, dotolo wa makutu, mphuno ndi pakhosi wa ku America. Iye adagawa thupi m'zigawo 10 zoyambira kumutu kufikira ku zala, nafalitsa maganizo akewo m'buku mu 1917. Pambuyo pake mayi wina wa komweko, Eunice Ingham, adajambula thupi lonse pa mapazi, natulutsa buku lake mu 1938. Za khutu zidadza ndi dotolo Paul Nogier wa ku Lyon, m'dziko la France, amene cha mu 1957 adaphunzitsa kuti khutu limafanana ndi mwana wosabadwa atazondoka m'mimba.

Kodi zimenezi nzoona? M'phunziro la Biology timamva kuti mitsempha ya kuphazi imapita ku msana ndi ku ubongo. Palibe mtsempha wochoka ku chidendene kulunjika ku impso ayi. Mu 2009 Profesa Edzard Ernst adasonkhanitsa zofufuza za madotolo ambiri pa nkhaniyi, ndipo sadapeze umboni wokwanira wakuti lusoli limachiza nthenda ina iliyonse. Chithunzi chija nchokongola ndithu, koma paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe sindikunena kuti kutikita nkwachabe. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, dzanja lili ndi 27, ndipo kuno ku Nkhata Bay mafupa amenewa sapumula. Tauni yathu idamangidwa pa zitunda. Taonani amayi akukwera chitunda kuchokera kudooko atasenza mabeseni a usipa, kapena anyamata onyamula katundu tsiku limene Ilala yakocheza. Taonaninso asodzi amene amapalasa bwato ndi kukoka chilimira usiku wonse. Makolo athu ankadziwa kale kuthowa mwendo wotopa ndi madzi ofunda, osayembekeza buku la ku America. Kutikita kumafunditsa khungu, kumamasula minofu youma, kumakhazika mtima pansi, ndipo munthu amagona bwino. Ubwino umenewu ngwokwanira, ngakhale suli wochiza chiwindi.

Ine ndimachita motere ndikachoka ku mpira kapena kumunda wa sukulu. Poyamba ndimasambitsa mapazi ndi sopo ndi kuwapukuta, makamaka pakati pa zala, ndi kuyang'ana ngati pali munga, bala kapena thekenya. Kenaka ndimakhala pabedi, phazi limodzi nditaliika pa bondo la mwendo winawo, nkudzola mafuta pang'ono. Ndi chala chamanthu ndimakanikiza mozungulira pang'onopang'ono kuyambira ku chidendene kufikira ku zala, ndipo chala chilichonse ndimachikoka mofatsa. Amene manja ake atopa angathe kuponda botolo kapena chitsononkho nkumachigubuduza pansi pa phazi. Mphindi 5 pa phazi lililonse nzokwanira.

Manja nawonso amatopa ndi kukopera manotsi. Tikitani pakati pa chikhatho ndi chala chamanthu cha dzanja linalo, finyani mofatsa mnofu wa pakati pa chala chamanthu ndi cholozera, ndipo tambasulani zala zonse. Kukhutu nkofunika kusamala koposa. Sisitani kunja kokha, kuyambira pamwamba kutsikira ku nsonga yofewa ija. Musalowetse m'kati mtengo wa machesi, nthenga kapena cholembera, pakuti nembanemba ya m'khutu njopyapyala, ndipo ikabooka munthu angathe kugontha.

Pali malo ena osayenera kutikita konse: pa bala, pa chithupsa, pamene pabzungunyuka kumene, ndi pa mwendo umodzi umene watupa nkumatentha popanda chifukwa chodziwika. Munthu wa nthenda ya shuga amene mapazi ake achita dzanzi ayambe wafunsa a chipatala.

Koma chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi ichi. Chithunzi chija chimati chala chachikulu cha kuphazi ndicho mutu, ndipo ukachifinya mutu umaleka kuwawa. Kuno kunyanja mutu wowawa pamodzi ndi kutentha thupi, kuzizidwa ndi kuphwanya m'mfundo kawirikawiri amakhala malungo, ndipo malungo akachedwetsedwa amapha, ngakhale mnyamata wamphamvu wa Folomu 4. Kuyeza magazi a pa chala sikufika ndi theka la ola lomwe, ndipo mankhwala a LA, amene dziko lathu lidayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, amaperekedwa ulere m'zipatala za boma. Chimodzimodzinso amene waona magazi mu mkodzo atasamba m'nyanja: ameneyo mwina ndi likodzo, ndipo kukanikiza pakati pa phazi sikungaphe tizilombo take.

Chotero anzanga, mapazi akatopa tiwatikite, pakuti sipalira ndalama. Koma mnzathu akagona ndi thupi lotentha, tisamfinye zala mpaka mawa. Tikauze aphunzitsi oyang'anira ogonera kapena a metironi tsiku lomwelo, kuti apite naye kuchipatala.

Wophunzira wa Folomu 3